Mwendo wa Zuze

Kuno ku Zingwangwa anthu akandibweretsera njinga yamoto kuti ndione ngati injini ikadali ndi moyo, amadabwa kuti sindilola munthu wina kuponda kiki yoilizira. Mwini wake akati apondeko ndimamukankhira kumbali, nthawi zina mokalipa, mpaka ena amachoka akunena kuti mkulu uja ndi wamatama. Sindiwatsutsa. Mtima wanga ndi wapachala kuyambira kale. Bondo langali likundiwawa masiku ano, komabe kiki ndimaponda ndekha, ndipo chifukwa chake ndi Zuze.

Zuze tinakulira limodzi ku Bangwe, nyumba zoyang'anizana, mpopi umodzi. Makolo ake anali Asena ochokera ku Nsanje, Akatolika osaphonya misa. Anga anali Alomwe a ku Mulanje. Iye anakula n'kukhala chimunthu chachitali, miyendo ngati mitondo. Ine ndinatsalira panjira, kamunthu kowonda koma kolongolola. Zuze ankanyamula matumba m'mashopu a amwenye ku Limbe, awiri nthawi imodzi, ndipo Loweruka akamenya mpira pabwalo la sukulu magoloboyi ankachita kuulewa. Ine ndinkagwira masipanala pagalaja ina ku Ndirande. Nditakwatira ndinasamukira kuno, koma sabata sinkatha tisanaonane.

Matipati atabwera tinavina nawo, tinavota nawo, n'kukhala pansi kudikira kuti zabwino zigogode pakhomo. Imene inagogoda ndi njala. Galaja yathu inatsekedwa, mwenye wa Zuze anachepetsa anthu. Nthawi yomweyo anyamata amene anapita ku Joni ankabwera atavala majekete achikopa, atanyamula mawailesi a makaseti awiri. Amene anayambitsa nkhani ndi Zuze.

"Aise, miyendo tili nayo, manja tili nawo. Tikudikira chiyani?"

Tsiku lonyamuka ndinakamutenga kwawo. Mkazi wake Tereza anangoima pakhonde, mwana wawo Rozi ali kumsana. Amayi ake a Zuze anali amasiye, ndipo maso awo anali atayamba kale kuchita ng'ala. Anandigwira dzanja osafuna kulisiya.

"Mwananga, mnzakoyu mphamvu ali nazo, koma nzeru zinapita kwa iwe. Ukamusunge. Mukabwere awiri monga mukupitiramu."

"Musadandaule, mayi," ndinatero.

Zuze anaseka chikhakhali. "Kandisunge aka? Kakakagwa ndi mphepo ya ku Joni wokanyamula ndine."

Tinadzera ku Mwanza n'kudutsa ku Tete. Nkhondo ya kumeneko inali itatha, koma m'mbali mwa msewu munali mukadali zigoba za malole opsa, udzu utamera m'kati. Zuze anatulutsa kolona m'thumba, anayamba kupemphera, asanafike ndi pakati pomwe n'kugona. Chimutu chake chija chinali paphewa panga mpaka ku Zimbabwe.

Za miyezi yoyamba sindikonda kuzinena. Joni wa majekete achikopa sitinamuone. Tinaona kutchetcha kapinga kunyumba za azungu, kugona anthu asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi, ndi kulowa m'ngalande tikaona galimoto ya apolisi, poti masiku a m'mapasipoti athu anali atatha. Walira mvula walira matope. Kuzizira koyamba kunandigwetsadi ndi chibayo, monga Zuze analosera. Anandibereka kumsana ngati khanda, ulendo wotalika ngati kuchoka ku Limbe kukafika ku Chilomoni, mpaka kukachipatala ka masisitere kamene sankafunsa mapepala. Njira yonse ankandinyoza kuti thumba la chimanga limandiposa kulemera.

Nditachira, Mmalawi wina wa ku Machinjiri anandiuza za mzungu wa kunja kwa tauni amene ankafuna munthu wodziwa sipanala. Galaja yake inali pafupi ndi mapiri a mchenga wachikasu wotayidwa kuchokera m'migodi, kumene azungu ankapita Loweruka kukathamangitsa njinga zamoto za m'thengo, zija zazitali, za matayala a mano. Mzunguyo tinkamutcha Chindevu. Anali Bunu wokalamba, wokalipa ngati ine ndemwe. M'bondo lake la kumanja munali chitsulo chifukwa anagwa panjinga ali mnyamata, choncho kiki sankatha kuponda.

Tsiku loyamba anandilozera chinjinga chachikulu kuti ndichilize. Ndinakwera, ndinaponda ndi thupi langa lonse, kiki n'kundibwezera, ine uko chagada m'fumbi. Zuze anali atangondiperekeza, ndipo anaima pageti. Anaseka mpaka kugwira mpanda. Chindevu anamukodola mokwiya kuti ngati ukuseka bwera uyese. Zuze anavula jekete, anaponda kamodzi, chinjinga chija n'kubangula. Anatilemba tonse awiri tsiku lomwelo, ine manja, iye mwendo.

Ntchito yaikulu pagalajapo inali kuyeza kompuleshoni, ndiye kuti mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya m'kati mwa injini. Njinga zimenezi ndi za thu sitiroko, zija zimamwa petulo wosakaniza ndi oyilo n'kumalira ngati mavu, utsi wabuluu uli tolo kumbuyo. M'mimba mwake mulibe zambiri: pisitoni imodzi ndi timaringi toizungulira, basi. Koma fumbi la m'migodi limadya maringiwo, ndipo akadyeka mpweya umathawira m'mbali, njinga n'kufooka.

Chindevu anandiphunzitsa motere. Uyambe wailiza kuti itenthe pang'ono, uizimitse. Uchotse pulagi, uiyang'ane kunsonga. Ikakhala yofiirira ngati mtedza wokazinga, zili bwino. Ikakhala yakuda ndi yonyowa, oyilo wachuluka. Ikayera mbuu, chenjera, injini ikupsa. Pabowo la pulagiyo umangepo geji, kachipangizo konga wotchi kokhala ndi kapaipi. Utsegule moto wonse pachigwiriro, usasiye, wina aziponda kiki mwamphamvu mpaka kamuvi ka geji kasiye kukwera. Pagalasi la gejiyo Chindevu anali atajambulapo mzere wofiira ndi utoto wa m'zikhadabo wa mkazi wake. Kamuvi kakadutsa mzerewo, injini ili moyo. Kakalephera, uthire kasupuni ka oyilo m'bowo muja n'kuyezanso. Kakakwera tsopano, ndiye kuti maringi atha, oyiloyo wangomata mipata. Pomaliza umasule ekizozi, uunike ndi tochi, uone ngati pisitoni yakandika.

Ine ndinkagwira moto ndi kuwerenga geji, Zuze ankaponda. Akaponda katatu kamuvi kankakhala kanena kale zonse.

"Geji sinama," ankatero Chindevu tsiku ndi tsiku, akugogoda galasi ndi chala. "Wogulitsa amanama, wogula amanama, geji sinama."

Mawu amenewa anandilowa ngati katekisimu. Mzungu akabwera monyada ndi njinga yake, ndinkamuuza pamaso kuti yatha, afiire nkhope asafiire. Wina anathira oyilo wolimba m'bowo la pulagi asanabwere, kuti apusitse wogula. Ndinanunkhiza pulagi, ndinailiza njingayo mpaka oyilo yense anapsa, n'kuyezanso iye akuona. Anachoka akutukwana. Ndi tsiku limenelo Zuze anandipatsa dzina.

"Iwe ndiwe Geji. Tsiku lina udzauza mkwatibwi m'tchalitchi kuti diresi silikumukhala."

Tinkagona m'kontena kuseri kwa galaja. Nyengo yozizira chitsulo chake chinkadontha madzi, ndipo tinkaphatikiza mabulangete athu onse n'kugona misana itagundana. Ndiwo zathu zinali mitu ndi zipalapasiro za nkhuku. Kunyumba tinkatumiza mabulangete, mapoto ndi nsapato za ana kudzera kwa amalole amene ankanyamula katundu wa Amalawi. Makalata a Zuze ndinkalemba ndine, ndipo tinkakangana nthawi zonse chifukwa iye ankafuna ndilembe kuti tikukhala m'nyumba ya magetsi ndi shawa.

"Lemba, Geji, pepala silikuluma."

Ine ndinkalemba kuti tili bwino, basi.

Kuseri kwa kontenayo kunali mulu wa zitsulo zotha. Chindevu anatilola kutolamo, ndipo Lamulungu lililonse tinkalumikiza njinga yathuyathu: felemu ya uku, thanki ya uko, matayala osafanana. Zuze anaitcha Mkamwini, akuti chifukwa chilichonse pa iyo n'chobwera. Pisitoni ndi maringi zokha tinagula zatsopano, ndipo ndinaziika ndekha ndi manja angawa, mosamala ngati ndikusambitsa khanda. Maganizo athu anali oti tikabwerera kwathu tizikapikula nsomba zouma ku Nsanje, n'kumakwera nazo zitunda za ku Chikwawa kudzagulitsa ku Bangwe. Zuze ankaikwera ili chiimire, maso atatsinzina, n'kumatchula midzi ya kwawo imene tizidzadutsa.

Zinayamba m'chaka chachitatu. Anatuluka mashingozi kumsana, anachira. Kenako chifuwa, kenako kutsegula m'mimba kosatha. Ovolosi yake inayamba kumukulira. Zonsezi ndinkaziona, poti tinkafunda bulangete limodzi, koma masiku amenewo matenda aja sitinkawatchula dzina, ngakhale kwa mnzako wapamtima. Ndikamufunsa ankati ndi madzi a ku Joni. Ine n'kuvomera, chifukwa kuvomera kunali kosavuta.

Tsiku lina tinayeza njinga ya kasitomala, kamuvi n'kuima pansi pa mzere. Ndinathira kasupuni ka oyilo, koma kamuvi sikanasunthe kwenikweni. Pamenepo ndinayenera kudabwa, koma geji sinama. Ndinamasula injini yonse. Pisitoni inali yosalala ngati mbale yatsopano, maringi ali bwinobwino. Chindevu anandikalipira tsiku lonse, ine n'kumabweza mawu kuti mwina geji yake yakalamba ngati mwini wake.

Patapita masiku angapo zinachitikanso. Ulendo uno sindinamasule kanthu. Ndinadikira kuti Zuze apite kuchimbudzi, kumene tsopano ankapitako pafupipafupi, n'kukwera panjingapo ndekha. Zaka zitatu zinali zitandiphunzitsa kapondedwe ngakhale ndinali wopepuka. Ndinaponda kasanu. Kamuvi kanakwera, kanadutsa mzere wofiira, n'kukaima pamwamba. Geji sinama, inde, koma imayeza zinthu ziwiri, injini ndi mwendo wa wopondayo. Ine, kamunthu kamene kanagwetsedwa ndi kiki tsiku loyamba, ndinali nditamuposa Zuze. Nditacheuka ndinamuona ataima pakhomo la galaja akundiyang'ana. Anatembenuka n'kukatola masipanala, ine n'kumasula geji.

Kuyambira tsikulo tinayamba kubisa. Chindevu akakhala mu ofesi kapena akapita kukagula zipangizo, ndinkaponda ndine, Zuze n'kumagwira moto. Tikamva kutsimphina kwake tinkasinthana msanga, Zuze phazi pa kiki ngati wangomaliza kumene. Ntchito zolemera ndinkazitenga mwakachetechete. Tonse tinkadziwa kuti Chindevu analemba mwendo, ndipo tsiku limene adzadziwe kuti mwendowo watha, Zuze adzabwerera ku Bangwe anthu a pamzere akumuloza. Zimenezo ankaziopa kuposa imfa. Kamodzi kokha anaiyandikira nkhaniyi, tikudya.

"Geji, undibise mpaka Khirisimasi. Ndikafike kwathu ngati munthu wobwera kutchuthi, osati ngati katundu wobwezedwa kushopu."

Ndinamuuza kuti adye, asiye zopusa. Koma anadziwa kuti ndavomera.

Khirisimasi itatsala miyezi iwiri, Loweruka lina m'mawa, kunabwera azungu awiri, wina akugulitsa njinga, wina akufuna kugula. Anagwirizana kuti Chindevu aiyeze onse akuona. Njingayo ndinkaidziwa bwino, chifukwa ndinali nditaiika pisitoni ndi maringi atsopano masabata awiri okha m'mbuyomo. Chindevu anamanga geji yekha, anagwira moto yekha, n'kuitana Zuze. Mpata wosinthana panalibe.

Zuze anakwera. Anaponda koyamba, kachiwiri, kachitatu, mitsempha ya m'khosi itaima, thukuta likudontha pachibwano. Anaponda mpaka kakhumi, chinthu chimene anali asanachitepo. Kamuvi kanakwera mwaulesi n'kuima pansi pa mzere.

Wogula anaseka n'kuyamba kubwerera kugalimoto yake. Wogulitsa anakuwa kuti maringi atsopano anaikitsa pagalaja yomweyino. Chindevu anatembenukira kwa ine.

"Injini iyi unamanga ndiwe. Maringi atsopano ndinakupatsa m'manja. Ali kuti? Unabwezeramo akale, atsopanowo n'kukaika m'chinjinga chanu chakuseri chija, eti? Wakuba iwe! Ndiitana apolisi."

Mphindi imeneyo ndakhala ndikuibwereza m'mutu zaka zonsezi. Ndikanatha kunena kuti geji sinamangike bwino, tiyesenso masana. Ndikanatha kumasula ekizozi kuti aone yekha pisitoni ndi tochi. Ndikanatha kungomeza mawuwo, poti Chindevu ankaopseza za apolisi kawirikawiri koma anali asanawaitanepo. Njira zinalipo zambiri. Koma ananditcha wakuba pamaso pa anthu, ndipo mutu wanga unatentha. Akuluakulu amati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ine ndinathamangira kuzima zanga.

"Tsika," ndinamuuza Zuze.

Anandiyang'ana. "Geji."

"Ndati tsika!"

Anatsika pang'onopang'ono atagwirira chishalo. Ndinakwera, ndinaponda ndi ukali wonse umene unali mumtima mwanga. Kanayi kokha. Kamuvi kanalumpha mzere n'kukaima pamwamba.

"Onani, bwana," ndinatero mokweza. "Injini ilibe vuto. Vuto ndi mwendo."

Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwangamu, ndipo palibe amene anandikakamiza.

Chindevu anayang'ana geji, n'kuyang'ana Zuze, ndipo ndikukhulupirira kuti kanali koyamba m'miyezi yambiri kumuona bwinobwino: ovolosi yolendewera, lamba woboola mabowo atsopano, milomo yofiira. Anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Azungu aja atamaliza malonda awo n'kupita, anamuitanira mu ofesi. Sanamukalipire. Anamuuza kuti apite kwawo akadali ndi mphamvu zokhala pampando wa galimoto, ndipo Mkamwini atenge, za amalole aona yekha Chindevuyo.

Masiku atatu amene anatsala Zuze sanandinene mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo zimenezo ndi zimene zinkandipweteka. Bola akanandimenya. Ndinayesa kupepesa tikumangirira njinga palole. Iye anandigwira paphewa.

"Usadzivute, aise. Wandiyeza, wapeza zimene wapeza. Ukanandithira kasupuni ka oyilo, mwina ndikanakwerako pang'ono."

Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Ndinavula jekete langa n'kumupatsa, jekete limene kale silikanalowa ngakhale mkono wake umodzi. Linamukwana.

Kalata inabwera mvula itatha kwathu. Analemba ndi Tereza, mizere inayi. Anamuika Lachiwiri, kumanda a ku Bangwe komweko. Ndinaiwerenga nditaima pafupi ndi njinga ya kasitomala, ndinaipinda, n'kupitiriza ntchito. Misozi sinatuluke. Ndinakhalanso chaka china ku Joni, kugwira moto ndekha, kuponda ndekha, kuwerenga ndekha, kugona m'kontena imene tsopano inali itakula. Kunena zoona, si ntchito imene inkandisunga kumeneko. Ndinkaopa mayi amene anandiuza kuti mukabwere awiri.

Kenako Chindevu anagulitsa galaja kuti akakhale kwa mwana wake. Anandipatsa geji ija, itakulungidwa m'kansanza, ndipo ndinasowa pobisala.

Blantyre ndinamupeza wina. Mavenda anali atadzaza m'makonde a mashopu, kaunjika paliponse, maminibasi akulimbirana anthu. Akalipentala a m'mbali mwa msewu amene ndinawasiya akupanga mipando anali akukhoma mabokosi a maliro. Kunyumba kwanga mwana wanga wamkazi anagwada n'kundipatsa moni ngati mlendo, ndipo mkazi wanga anali atazolowera kuganiza zonse yekha, moti ndinkachita kufunsa pokhala. Ndinatha sabata ndikuzengereza. Kenako ndinanyamula shuga ndi nsalu, geji ili m'thumba mwa chizolowezi, n'kukwera minibasi ya ku Bangwe.

Tereza anali atawonda, ndipo sindinafune kumuyang'anitsitsa. Amayi ake a Zuze anali pamphasa pakhonde, maso onse awiri atayera. Ndinagwada, ndinapepesa maliro. Anandipapasa kumaso, m'mapewa, pachifuwa.

"Wabwera wekha," anatero.

"Ndabwera ndekha, mayi."

Kenako mayiwo anauza Tereza kuti atulutse chinthu chija. Tereza anapita kuchipinda n'kubwera akukankha Mkamwini, itafundidwa chitenje. Inali yopukutidwa bwino, matayala okha ataphwa pang'ono.

"Mnzako ankaitulutsa m'mawa uliwonse," anatero mayiwo. "Ndinkamumva ndili pompano, akuponda, akuponda, mpaka kupuma movutika. Sinalire ngakhale tsiku limodzi. Anthu a pamzere pano ankanong'ona kuti mwana wanga watha, wabwera ndi matenda a ku Joni, akulephera ndi njinga yomwe. Iye ankati ayi mayi, injini ndi imene inafera panjira, Geji akadzabwera adzakuuzani. Ndiye wabwera. Akuti uli ndi kawotchi kosanama, ndipo ndakakhudza m'thumba lakomo. Yeza, undiuze. Inali njinga, kapena anali mwana wanga?"

Pothawira panalibe. Ndinachotsa pulagi. Nsonga yake inali yofiirira ngati mtedza wokazinga. Ndinamanga geji, ndinatsegula moto wonse, ndinaponda. Mulungu ndi mboni, ndinayesa kuponda mofooka, koma mwendo unali utazolowera ntchito yake. Pa kiki yachinayi kamuvi kanadutsa mzere wofiira n'kukaima pamwamba penipeni, pamene pamaima injini yatsopano. Tereza anali ataima pambali panga, maso ali pagalasi.

"Yati bwanji?" anafunsa mayiwo, nkhope atalozetsa kumene kunkamveka phokoso.

Ndinayang'ananso kamuvi kaja.

"Yafa, mayi," ndinatero. "Injini yafa. Maringi anatha, mpweya ukungothawira m'mbali. Imeneyi ngakhale ataponda anthu atatu singalire. Zuze ankanena zoona."

"Ndiye mwendo wake unali bwino?"

"Mwendo ngati wa Zuze ku Joni konse kunalibe."

Mayiwo anaomba m'manja mwapansipansi, misozi ikutsika m'maso oyerawo, n'kuthokoza m'Chisena chakwawo. "Takhuta, mwananga, takhuta. Ndinkadziwa ine. Tereza, wamva? Ukawauze a pamzerewa." Atapuma pang'ono anati, "Ichotse pano, inandivutitsira mwana. Ukagulitse zitsulo."

Tereza anandiperekeza, ine ndikukankha njinga. Titafika pamphambano, poti mayi sangamve, anaima.

"Alamu, kamuvi ndakaona. Za mzere wofiira bambo a Rozi anandifotokozera."

Ndinaimika njinga m'mbali mwa msewu.

"Ankadziwa kuti njinga ilibe vuto. Ankangowauza amayi choncho kuti asamamve za anthu. Sabata yomaliza anandiuza kuti, Geji akadzabwera usadzamulole ayeze amayi ali pomwepo, ameneyo sadziwa kunama. Lero ndinasowa pokuletserani." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Akanakhalapo akanaseka. Akuti njingayi ndi ya nonse awiri, muzikatenga nsomba zija, ana ake muziwakumbukira. Koma musadzailize kuno amayi ali moyo."

"Anakuuzani mmene ntchito inathera ku Joni?" ndinafunsa, maso ali pansi.

"Anati munamusunga mpaka tsiku lomaliza."

Ndinaikankha Mkamwini kutsika Bangwe yense, dzuwa lili paliwombo, anthu akundiseka kuti madala mafuta atha. Sindinaime mpaka ku Limbe. Pamalo othira mafuta ndinapopa matayala, ndinakhuthula petulo wakale, ndinatsuka kabuleta, ndinathira petulo watsopano ndi oyilo n'kugwedeza thanki monga tinkachitira. Ndinadziuza kuti ndikungofuna kuona. Mumtima ndinkapempha kuti ikane, kuti zimene ndinawauza mayi aja zikhale zoona.

Inalira pa kiki yachitatu. Inalira mokoma, utsi wabuluu uli tolo, kulira kumene Zuze anakufuna m'mawa uliwonse osakumva.

Bambo wothira petulo anagwedeza mutu mosirira. "Koma mwendo muli nawo, achimwene!"

Ndinaizimitsa. Ndinakhala pansi pomwepo, pasimenti ya mafuta, galimoto zikuimba mahutala kumbuyo kwanga, n'kuyamba kulira maliro a Zuze.